Amake Halima ndi Zovala za M'madzi

Amake Halima anamwalira Lachinayi m'mamawa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali ataikidwa kale. Ife Akatolika tinazolowera kugona pamaliro, kuimba mpaka mawu kusasa, kudikira abale a ku Petauke ndi ku Kitwe. Asilamu sachedwa. Ine ndinangothamangira kumsika wa ku Katondo kukagula ndiwo zoti tiphikire anthu, ndipo pobwera ndinakumana ndi jeneza pamsewu, amuna atalisenza pamapewa, akulandizana mofulumira. Kwa iwo akazi sapita kumanda. Ndinaima m'mbali mwa msewu ndi repu m'manja, osadziwa ngati ndigwade kapena ndilondole. Umo ndi mmene ndinatsazikirana ndi munthu amene ndinakhala naye khomo ndi khomo ku Kasanda kuyambira ndili wongokwatiwa kumene.

Sabata yatha kunali sadaka yawo. Shehe ananena zabwino zambiri: kuti sankaphonya swala, kuti ankasala Ramadani ngakhale akudwala, kuti akazi achisilamu amene anamwalira m'tauni muno zaka zonsezi anasambitsidwa ndi manja awo. Zonsezo n'zoona. Koma shehe ameneyu ndi watsopano, wabwera posachedwa, ndipo za madzi sanatchulepo. Ife amene tinakhala kumbuyo pamphasa tinkangoyang'anana. N'chifukwa chake ndati ndinene ine.

Dzina lawo lobadwa nalo linali Asiyatu Abiti Saidi. Anachokera ku Nyasalande kutsatira amuna awo, Che Bwanali, amene ankagwira ntchito mumgodi tauni ino ikadatchedwa Broken Hill. Malankhulidwe a kwawo sanawasiye mpaka imfa. Mwana anali naye mmodzi yekha, Halima, ndipo mwanayo anamwalira asanathe msinkhu. Za imfa yake ndinena kutsogoloku, sindingayambire pamenepo. Maliro atatha, amayi ena anaganiza kuti kuwatchula Amake Halima n'kutokosa bala, choncho anayamba kuwaitana Abiti Saidi. Iwo sankatembenuka. Tsiku lina papompi anatula ndowa pansi n'kunena kuti:

"Ine ndinabereka. Munditchule momwe munkanditchulira."

Sanali munthu wofewa, ndisaname. Anali wamfupi, wa mikono yonenepa, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Akaona mgolo wa madzi wosavundikira pakhomo pa munthu aliyense, kaya Mbemba, kaya Mlenje, kaya mkazi wa kapitawo, ankalowa osagogoda n'kuukhuthula, madzi oti mwini wake waimira pamzere theka la tsiku. Ine ndinakangana nawo kawiri pa nkhani imeneyi, ndipo ulendo wachiwiri tinatha mwezi osapatsana moni. Anabwera okha kudzandipatsa chivundikiro cha thabwa chimene Che Bwanali anakhoma, osapepesa ayi. Anangochiika pamgolo n'kupita.

Ana akamasewera panja akuchita phokoso, iwo ankasoka mosadandaula. Phokoso likangoti zii, ankadzuka pamakina n'kutuluka, ulusi uli kukamwa. Ankati anthu amaganiza kuti mwana akamamira amakuwa, pomwe womira sakhala ndi mpweya wokuwira, amapita mwakachetechete anthu ali pomwepo akucheza. Ankatinso chitenge ndi bwenzi pamtunda koma m'madzi n'chingwe. Ndipo akamakangana ndi amuna, ankakonda kunena kuti Mulungu amene anapatsa mkazi manyazi ndi yemweyo anamupatsa mpweya, ndipo sanamuuze kuti asankhepo chimodzi.

Zovala za m'madzi zimene ankasoka ndinaziona koyamba mwanjira yoseketsa, ngakhale panthawiyo kuseka kunali kutali nafe. Panali patapita miyezi ingapo Halima ataikidwa. Ndinamva akundiitana kuchokera kubafa kwawo.

"Amake Petulo! Tabwerani mundiyang'ane."

Ndinawapeza ataima mumgolo wodzaza madzi, atavala buluku lalitali ndi malaya a nsalu yoyera. Ndinaganiza kuti chisoni chawasokoneza mutu. Anakhala pansi mumgolomo mpaka madzi kufika m'khosi, kenaka anadzuka n'kutuluka.

"Mukuona chiyani?"

"Amai, nikuona vonse," ndinayankha, maso ndikuyang'ana kumbali.

"Ndiye kuti yoyera ayi," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Anayesa khaki, inamwa madzi n'kulemera ngati bulangeti. Anayesa nayiloni, inamatirira thupi kuposa kukhala wosavala. Nsalu iliyonse ankalowa nayo mumgolo, ine ndili woyang'ana. Pomaliza anakhazikika pa tetironi yakuda kapena yabuluu woderapo. Buluku linkafika m'kakolo, lomangidwa ndi lasitiki kuti madzi asalikweze. Malaya ankafika m'mawondo, a manja aatali, koma m'kati mwake munali mabatani omangirira ku buluku, kuti munthu akalowa m'madzi malayawo asafufume n'kumuphimba kumaso. Chitambala anachisoka ngati kachisoti, chomangira kunsi kwa chibwano, chopanda mchira woti n'kukodwa paliponse. Zaka za mavuto zitafika, nsalu itasowa m'masitolo, ankagula mathirakisuti pa salaula, msika wa zovala zakale, n'kuwasintha. Iwo ankati zovala za m'madzi. Anyamata a mukomboni ankaseka kuti ndi ovolosi ya Bana Halima.

Nthawi imeneyo pulu yosambiramo ya ku kilabu inali itatsegulidwa kwa anthu akuda, ufulu utabwera, ndipo panali tsiku la akazi okhaokha. Amake Halima anatenga atsikana anayi a ku madarasa, ine ndinawaperekeza. Atsikanawo anavaliratu zovala zija kunyumba n'kufunda zitenge pamwamba. Pageti panali mnyamata wa yunifomu yoyera. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Awe mayo. No costume, no swimming."

"Kosityumu ndi imeneyi, mwanawe. Ndasoka ndekha."

"Ivi ni vovala va ku munda. Vizadetsa manzi. Lamulo ni lamulo."

"Zachapidwa dzulo ndi sopo. Nunkhiza."

Mnyamatayo anakana kununkhiza. Anaitana mkulu wake, ndipo mkuluyo anabwera ndi kosityumu yeniyeni m'manja, kansalu kosakwana kupukutira mbale, n'kunena mwaulemu ndithu kuti atsikanawo angabwereke zoterezi. Mtsikana mmodzi anabisala kumbuyo kwanga. Kuseri kwa waya madzi ankaoneka, oyera mpaka pansi, osaya mbali imodzi, malo abwino kwambiri ophunzitsira mwana. Amake Halima anawayang'ana nthawi yaitali, zala zili pawaya. Kenaka anati tiyeni. Anabwererako kangapo zaka zotsatira, ndipo yankho silinasinthe. Mpaka kufa sanapondemo.

Pobwerera tsiku loyambalo tinadutsa pamsika, pomwe achinyamata a chipani ankagwira atsikana ovala masiketi aafupi n'kumawasula mipendero. Amake Halima anaima, manja m'chiuno.

"Taonani, Amake Petulo. Kuno akuwamenya chifukwa nsalu yafupika. Uko atithamangitsa chifukwa nsalu yatalika. Nanga mwana wamkazi akafunse kwa yani?"

Ndinawakoka mkono, chifukwa masiku amenewo mawu otere sankanenedwa mokweza.

Kumzikiti nakonso kunali kovuta. Shehe wa nthawi imeneyo anali munthu wachikulire, wodekha, ndipo sindinganene kuti anali woipa mtima. Nkhawa yake inali yakuti Asilamu mu Kabwe ndi ochepa, aliyense amawayang'ana, ndipo zikamveka kuti ana awo aakazi akusambira kuthengo, adzakwatiwa ndi yani? Anabwera kunyumba ndi akuluakulu awiri. Anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango, Amake Halima pamphasa chapatali, atafunda bwinobwino. Ine ndinali kuseri kwa mpanda wa maluwa, ndipo sindinadzibise.

"Abiti Saidi," shehe anayamba, kenaka anadzikonza yekha, "Amake Halima. Chisoni chanu tonse tikuchidziwa. Koma chimene Mulungu walemba palibe angachifufute. Musasandutse chisoni kukhala chipongwe cha ana a anzanu."

"Che Shehe, ndifunseko. M'buku munalembedwa kuti mkazi asalowe m'madzi?"

"Munalembedwa kuti adziphimbe."

"Ndawaphimba. Kuyambira tsitsi mpaka kakolo."

"Nsalu ikanyowa siphimba."

"Iyi imaphimba. Inu simungayang'ane, tumani amayi akunyumba akaone."

Mmodzi wa akuluakulu aja anati mkazi salankhula chotero ndi shehe. Pamenepo mawu a Amake Halima anakwera.

"Mwana wamkazi akafa mumaitana yani? Mumaitana ine. Inu mumalandira mtembo utakulungidwa kale m'sanda, woyera, wonunkhira. Ine ndimauona usanakulungidwe. Ndimachotsa matope m'mphuno ndi m'makutu. Ndatopa kusambitsa ana amene madzi anawasambitsa kale."

Shehe anayang'ana pansi, akuseweretsa mikanda ya tasibihi m'zala, kenaka anatsazika. Loweruka lotsatira akazi ake anabwera kudzaona okha kumene atsikana ankaphunzira kusambira. Anayang'ana atsikana akutuluka m'madzi, anawazungulira, anakoka nsalu apa ndi apo. Pobwerera, mpendero wa diresi lawo unali wonyowa mpaka m'mawondo. Shehe sanalengeze chilichonse, kuvomereza kapena kukana. Koma chaka chotsatira mdzukulu wake anali m'gulu lathu.

Malo amene tinkapita anali kadamu ka pafamu ina kunja kwa tauni, ulendo wotopetsa wapansi. Kapitawo wa pafamupo, Mlenje wokalamba, anatilola Loweruka masana ng'ombe zikamwa kale. Poyamba anali atsikana achisilamu okha. Kenaka anayamba kubwera a ku Chowa ndi a ku Katondo, Akatolika ndi ena, chifukwa nawonso amayi awo sankafuna kuti avule pamaso pa anthu. Amake Halima sankafunsa za mpingo. Ankangoyeza msinkhu ndi chingwe n'kusoka. Ngakhale ine, mayi wa ana atatu, anandikokera m'madzimo. Kusambira kwathu ku Petauke timati kunyaya, ndipo ndinali ndisananyayepo chibadwire.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kaukali. Sankayamba ndi kupalasa manja. Ankayamba ndi kugona chagada, dzanja lawo lili kunsi kwa msana wako, akukuuza kuti yang'ana kumwamba, pumira, usalimbane nawo. Ukazindikira, dzanja lachoka kalekale ndipo iwo aima patali. Ukachita mantha n'kuwakakamira, ankakumiza pang'ono kuti udziwe kuti wokakamira amapha womupulumutsa. Ndipo mtsikana aliyense asanamuuze kuti wadziwa, ankamumangirira chitenge pamwamba pa zovala zija n'kumukankhira pozama. Ntchito inali imodzi: kumasula chitengecho n'kuchisiya chipite. Ambiri manja awo ankathamangira kuchigwira. Amake Halima ankamenya madzi ndi chikhatho, akukuwa mpaka mitsempha kuoneka m'khosi:

"Chisiye! Chisiye chipite, iwe!"

Sindinawamvepo akuyamikira munthu. Ukachita bwino ankangoti, wotsatira.

Che Bwanali anali munthu wosalankhulalankhula. Ndi iwo amene, Halima ali wamng'ono, ananena kuti kuno ndi kutauni, mwana wamkazi sapita kumadzi komwe amuna amayang'ana, ndipo akazi awo anavomereza. Maliro atatha, awiriwa sanakambiranepo za nkhaniyo, mwina kuchipinda, koma ife makoma athu anali opyapyala ndipo sitinamvepo. Chimene tinaona n'chakuti tsiku lina anabwera ndi makina osokera panjinga. Ndipo Loweruka lililonse akakhala kuti sali pashifiti, ankatitsatira kumbuyo, n'kukakhala panjira yolowera kudamu, njinga ataigoneka chopingasa, msana atalozetsa kumadzi. Mwamuna aliyense wobwera ankamubweza mwaulemu. Zaka zonsezo sanatembenukepo. Ankamva ana a anthu ena akuseka m'madzi kumbuyo kwawo, iwo maso ali kutchire. Chifuwa chitawagwira ankabwerabe, tinkawamva akutsokomola kuseri kwa udzu. Atamwalira, panjirapo pankakhala ife amayi mosinthana, koma amuna sankatiopa chimodzimodzi.

Tsopano ndinene za tsiku lija.

Chinali chaka chimene tauni inasiya dzina la Broken Hill, kumapeto kwa dzinja. Pompi ya mukomboni inali itauma, ndipo atsikana anatenga zochapa kupita kuchidzenje chakale kuseri kwa Kasanda, momwe kale ankakumbamo miyala. Mvula inali itachidzaza. Madzi ake anali obiriwira, odekha, ndipo m'mphepete munkaoneka mosaya, koma ukangoponda patsogolo pang'ono pansi pankathera pomwepo. Anyamata ankasambiramo ndi makabudula. Halima anali wa zaka khumi ndi ziwiri, mwana waulemu, wamanyazi, woti ukamupatsa moni amayankha maso ali pansi. Malaya a bambo ake amene ankachapa anayandama n'kuyamba kupita. Anawatsatira.

Ine ndinali kunyumba kwawo, tikusankha nyemba. Kamtsikana kena kanafika kakuthamanga, kosatha kulankhula, kakungoloza. Lichero linagwa ndipo Amake Halima ananyamuka. Ndinawatsatira koma anandisiya kutali.

Nditafika, anthu anali atadzaza m'mphepete. Amuna ena anali ndi nsungwi yaitali akufufuza m'madzi, ena ankati atumiza njinga kukaitana ozimitsa moto. Anyamata osambira aja anali ataima pamodzi, ati anayesa koma pansi n'patali. Amake Halima anafunsa funso limodzi, kuti walowera pati. Atawalozera, anapinda chitenge chawo, anachipititsa pakati pa miyendo n'kuchimanga molimba m'chiuno, anakokera chitambala mfundo yachiwiri. Bambo wina anawagwira mkono.

"Mayo, mwafuna tiike maliro yabili?"

Anamukankha mpaka anakhala pansi, ndipo analowa.

Palibe ndi mmodzi yemwe mu Kasanda amene ankadziwa kuti mayi ameneyu amasambira. Ine, woyandikana naye, sindinkadziwa. Pambuyo pake ndi pamene anandiuza kuti bambo awo anali msodzi ku nyanja ya Chiuta, wopanda mwana wamwamuna, ndipo iwo ndi amene ankabira pansi kukamasula ukonde ukakodwa. Tsiku limenelo tinangoona mayi wa kumzikiti, amene sitinaonepo ngakhale chigongono chake, akudula madzi ngati mwamuna wa m'bwato. Anafika pamalopo, anakoka mpweya, n'kuzimiririka. Anatuluka manja opanda kanthu. Anabiranso. Anatuluka, anabiranso. Ulendo womaliza anakhalitsa kwambiri moti akazi anayamba kulira maliro a anthu awiri. Kenaka chitambala chinatulukira, ndipo m'khwapa mwawo munali mutu wa mwana.

Asanafike kumtunda anaima m'madzi ofika m'chiuno, atatembenuzira msana kwa anthu, n'kuitana kuti wina aponye chitenge. Ndinaponya changa chapamwamba. Anamukulunga kaye, ndiye n'kutuluka naye. Anamugoneka, anamukanikiza pamimba, anamupumira m'kamwa, anamuitana dzina. Anachita zimenezo nthawi yaitali, mpaka mayi wina wachikulire anawagwira paphewa. Ozimitsa moto anafika iwo atamubereka kale kumsana, akupita naye kunyumba, miyendo ya mwana ikulendewera, madzi akudontha njira yonse. Anakana kuti wina awalandire.

Mnzake wa Halima ndi amene anafotokoza mmene zinachitikira. Ati pansi patatha, Halima anamira n'kutulukanso, ndipo sanali patali ndi mwala. Koma chitenge chake chinamasuka n'kuyamba kuchoka, ndipo anyamata anali pomwepo akuyang'ana. Manja onse awiri anapita kuchitenge. Mnzakeyo anamutambasulira dzanja, akumuitana, koma iye sanasiye nsalu.

Amayi a kumzikiti anati mwana wako sumusambitsa wekha, mtima sungapirire, tisiyireni. Anakana. Anandilola kukhala pakhomo la chipinda ndikuwapatsira madzi. Dzanja lamanja la Halima linali lofumbata, ndipo m'kati mwake munali nsonga ya chitenge. Anatsegula zala chimodzichimodzi, akuzisisita ndi madzi ofunda. Ndi pamene ananena, osati kwa ine, osatinso kwa amayi enawo:

"Ndinamuphunzitsa kugwira chitenge. Wagwira."

Sanalire tsiku limenelo, ngakhale pa sadaka yake. Anthu ena anayamba kunena kuti mayiyu ndi wouma mtima. Sanaimbepo mlandu chipembedzo chawo, kapena amuna awo, kapena anyamata aja. Nthawi imodzi yokha ndinayesa kuwatonthoza ndi mawu amene tonse timanena, kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Anandiyankha kuti Mulungu anaika kusambira m'mikono mwawo iwo ali mwana, anawapatsanso mwana wamkazi, ndipo zinthu ziwirizo zinakhala m'nyumba imodzi zaka khumi ndi ziwiri osakumana. Ameneyo si Mulungu, anatero. Sindinabwerezenso.

Kulira kwawo ndinakuona patapita zaka zambiri. Mmodzi wa atsikana anayi amene anabwezedwa pageti la pulu anali Zainabu. Anakula, anakwatiwa ku Chowa, ndipo ankachita malonda a nsomba, kukagula ku dambo la Lukanga n'kudzagulitsa mutauni. Tsiku lina anafika pakhomo pa Amake Halima ndi mwana kumsana, nkhope itatupa ndi udzudzu. Bwato limene anakwera linagubuduka pakati pa bango. Anagwada pafupi ndi makina.

"Ambuya, chitenge chinanimanga mendo. Ninamvela mau yanu, ati chisiye. Ninachisiya. Ninagona chagada, mwana namuika pa chifuba, mpaka bantu banabwela na bwato inangu. Ambuya, ni imwe."

Ine ndinayamba kululutira. Ndinkaganiza kuti tsiku lawo lafika, loti aone phindu la zaka zonse zija. Amake Halima anamasula mwanayo kumsana kwa mayi ake, anamuyang'ana, anamununkhiza pamutu, n'kumubweza. Kenaka analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Kulira kumene kunatuluka mmenemo sindinakumveponso kwa munthu wina aliyense. Kunali kwa pansi pa mimba, ngati ng'ombe. Zainabu anandiyang'ana mwamantha, ati kodi nalakwa? Ndinamuuza kuti sanalakwe. Anangowabweretsera umboni woti zikanatheka.

Zaka zomalizira miyendo inatupa, ndipo ulendo wa kudamu unayamba kuwakanika. Mphwake wa Che Bwanali, amene nyumbayo inalembedwa m'dzina lake malume ake atamwalira, ankawanyamula panjinga mpaka panjira ija n'kubwerera. M'madzi sankalowanso. Ankakhala m'mphepete ndi ndodo, akukalipira ife akuluakulu kuti dzanja tikuliika molakwika. Maso atayamba kuchita mdima, mabatani ankasoka mongopapasa, ndipo ena ankakhala mokhota. Palibe analimba mtima kuwauza.

Masiku awiri asanamwalire ndinawapititsira phala. Anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati mvula yayamba. Ndinati ayi, kukadali kotentha. Anati pali tiana titatu tatsopano ta ku Chowa, sitinafike pogona chagada, wina atitenge mvula isanagwe. Ndinavomera. Kenaka anafunsa kuti adzawasambitsa ndani, popeza amene ankadziwa bwino ntchitoyo ndi iwo okha. Ndinati Zainabu. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti Zainabu amafulumira, mumuuze asathamange. Amenewo ndi mawu omaliza amene ndinamva kwa iwo.

Famu ija inagulidwa ndi munthu wina chaka chomwechino. Waika waya waminga kuzungulira damu ndi chikwangwani cha agalu, ndipo kapitawo wokalamba uja anabwerera kumudzi. Ndinapita kukapempha, mlonda anati abwana ali ku Lusaka. Loweruka lapitali tiana titatu tija tinafika pakhomo pa Amake Halima, aliyense ndi kamtolo kake m'khwapa. Palibe anauza tianato kuti tisabwere. Tonse titatuto tinakhala pakhonde mwaulemu, miyendo titatambasula, tikudikira. Ndinatuluka m'nyumba mwanga.

"Ambuya, tiyenda lelo?" kamodzi kanafunsa.

Ndinati lero ayi. Kanafunsa kuti nanga liti, ndipo ndinati ndidzakuuzani. Tianato tinakhalabe pang'ono, kenaka tinanyamuka.

Mphwake uja wasamutsidwira ku Kitwe, ndipo nyumbayo akuti mulowa banja lina kumapeto kwa mwezi. Makina anatenga abale. Pakona pomwe ankakhala patsala timaenje tinayi pasimenti ndi banga lakuda la mafuta. Makatani achotsedwa, moti ukadutsa umaona mpaka khoma la kumbuyo. Panja, waya woyanikira ukadalipo, wotsika pakati chifukwa cha kulemera kwa zonyowa za Loweruka lililonse, ndi mapegi awiri amene anaiwalika. Mango akupsa n'kumagwa okha, ndipo ana akulowa kudzatola popanda wowakalipira. Pakhomo sipanasesedwe chichokere anthu a sadaka. Fumbi la ku mgodi launjikana pakhonde, ndipo dzulo pamene ndimadutsa m'fumbimo munali mukadaoneka pamene tiana tija tinakhala, malo atatu oyandikana.